Nyumba ya Amayi Yatsala Pang'ono

Kwa zaka ndithu, m'foni ya achimwene anga ku Joni munali nyumba yokongola kuposa zonse za kuno ku Chidzolomondo. Inali ndi khoma loyera mbee, zenera lagalasi, khonde losesedwa bwino, ndi mulu wa malata atsopano pambali pake. Nyumba imeneyo ndinawamangira ndine, ndi chala chimodzi ichi. Nyumba inayo, ya njerwa zenizeni, yomwe ili kuseri kwa khola la mbuzi la amayi, inkabwera m'mbuyo mwakachetechete, mpaka inafika nthawi yoti ziwirizi zinatalikirana ndi chaka chathunthu.

Ndalama sindinadye, ndinene pomwe pano. Ndikudziwa zimene anthu amaganiza akamva za m'bale wotsala pamudzi amene akuyang'anira chimango cha wa ku Joni: kachasu, njinga yamoto, mkazi wachiwiri kutsidya kwa dambo. Nkhani zotere zimamveka kuyambira kuno ku Macanga mpaka ku Mzimba ndi ku Mangochi, ndipo zambiri n'zoona. Mlandu wanga ndi wochititsa manyazi kuposa umenewo, chifukwa wakuba amatsalako ndi njinga yamoto. Ine ndinatsala ndi kope lojambula mizere.

Matendawa ndinawatenga ku Moatize. Nthawi imene kampani ya Vale inkakonza mgodi wake, malasha oyamba asanatuluke mu 2011, anyamata ambiri a kumapiri kuno tinatsikira ku chitentha cha ku Tete kukasaka ntchito. Ine ndinalembedwa pa kakampani kena komanga nyumba za antchito. Njerwa sindinayalepo ngakhale imodzi. Yanga inali kuitana mayina m'mawa ndi kuwerenga matumba a simenti otuluka m'sitolo. Koma ofesi yathu inali m'kontena, ndipo pakhoma la kontenayo panali chipepala chimene chinanditenga mtima. Kumanzere kwake kunali mndandanda wa ntchito zonse, kuyambira kukumba maziko mpaka kupaka utoto. Pamwamba panali masabata. Ntchito iliyonse inali ndi mzera wake wonenepa, woyambira pa tsiku loyamba kukathera pa tsiku lomaliza. Ndinamva kuti kajambulidwe kameneka anakatchukitsa ndi injiniya wa ku America, Henry Gantt, m'zaka za m'ma 1910, ndipo ndinamulemekeza munthuyo ngati kholo langa.

Mizere ina inali yofiira. Tsiku lina injiniya wathu, poona ndayimirira pamenepo kukamwa kuli yasa, anandifotokozera kuti yofiirayo ndi ntchito zodikirana: iyi singayambe iyo isanathe, ndipo imodzi ikachedwa ndi tsiku, chimango chonse chachedwa ndi tsiku. Zinazo zikhoza kutsalira pang'ono popanda wolira. Anati luso lonse lagona pa kudziwa ntchito zofiirazo n'kumazilondera usiku ndi usana, ndipo njira yowerengera zimenezi inakonzedwa ku America komweko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pa kampani ya DuPont. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Pobwerera kumudzi ndinatenga rula ndi zolembera zamitundumitundu, nzeru ya mizere yofiira n'kuisiya m'kontena momwemo. Anthu kuno anayamba kunditchula kuti a Enjenyero. Zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti mawuwo amawakoka pang'ono kumapeto.

Mu 2021 achimwene anaimba foni. Mliri wa korona unali utawaopsa, ndipo anati sakufuna kuti amayi adzatisiye akugonabe m'nyumba yodontha. Nyumbayo ili ndi mbiri yake. Amayi anatithawitsira ku Malawi nkhondo itafika povuta, ndipo titabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, anaimika kanyumba ka mitengo ndi dothi kongoyembekezera. Kongoyembekezera komweko akhala akukamata ndi kukafolera mpaka tsitsi lonse layera.

"Mphwanga, iwe ndiye unagwirako za zomanga. Zingatenge nthawi yaitali bwanji?"

"Achimwene, ndipatseni usiku umodzi."

Usiku umenewo ndinayala kope pamphasa, nyali ili pambali. Kuumba njerwa, Meyi. Kuotcha, Juni. Maziko ndi makoma, Julayi ndi Ogasiti. Denga, Seputembala. Pulasitala, simenti yapansi, zitseko ndi utoto, Okutobala. Kulowa m'nyumba ndi nthungululu, Novembala. Mzera uliwonse unali ndi mtundu wake. Ndinajambula ndi foni n'kutumiza. Achimwene anaonetsa anzawo onse a pamalo pamene amachita lendi, ndipo mmodzi wa iwo, wa ku Ulongwe, anafunsa ngati ndingamuyang'anirenso yake. Mulungu anamukonda munthu ameneyo, nambala yanga anaitaya.

Pepala langalo linali ndi miyezi, koma munalibe chaka cha kwathu kuno. Njerwa siziumbidwa mvula isanatheretu, izo ndinkadziwa. Chimene sindinalembe n'chakuti mu Meyi aliyense wokhoza kunyamula chikombole ali m'munda kukolola chimanga, ndipo madzulo ali m'chigafa kusankha fodya. Ambiri kuno timalima fodya pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco, ndipo ndalama zimalowa m'midzi fodya akayamba kugulidwa. Zikangolowa, aliyense amakumbukira kuti naye amafuna nyumba ya malata. Mmisiri wodziwa kuongola ngodya ndi mmodzi yemweyo, ngolo yodalirika ndi yomweyo, ng'ombe zake ndi ziwiri zomwezo, ndipo onse amazifuna sabata imodzi. Ogasiti ndi mwezi wa ziliza, maukwati ndi zinamwali, ndipo chakumapeto kwake ena amawolokera ku Katete kukachita nawo Kulamba ku Mkaika. Seputembala anthu ali pa nazale za fodya ndi makheni m'manja, zitsime zayamba kuphwa, pamene chimango chimamwa madzi kuposa khola la ng'ombe. Okutobala akukonza mizere m'munda. Novembala mitambo ikangoda, mmisiri amasanduka mlimi, ndipo ngakhale umulonjeze chiyani sungamuchotse pa phando. Maliro alibe mwezi. Kukagwa zovuta m'mudzi palibe amene amagwira fosholo, ndipo uko ndiko kukhala kwathu. Ine ndemwe sindingafune mudzi wochita mwina.

Ndiye nyengo yeniyeni yomangira ndi kamphindi ka pakati pa Juni ndi Okutobala, ndipo pa kamphindi kameneko tonse timapanikizana pakhomo limodzi. Ukachedwa ndi masabata atatu mu Julayi, sunachedwe ndi masabata atatu ayi. Denga likapanda kukwera mvula isanagwe, wachedwa ndi chaka.

Zinayambira pa nkhuni. Mitengo yoyenera uvuni yapita patali masiku ano, ndipo wa ngolo anali ndi malonjezo ake kwa anthu ena amene anamupatsa ndalama ine ndikadali kusankha mitundu ya zolembera. Uvuni tinauyatsa Seputembala atayamba kale. Njerwa za m'mphepete sizinapse, ukazigogoda zinkangoti phu phu m'malo molira nge nge. Madzulo ake ndinakhala pansi kulemba lipoti. Ndinkalemba mwadongosolo, ndi mutu, tsiku ndi manambala a ndime, monga ndinkaonera ku Moatize. Ndinalemba kuti: "Njerwa zapsa bwino. Ntchito ikuyenda motsatira ndondomeko."

Pamene ndinkalemba mawu amenewo sindinkadziona ngati wonama. Ndinkati ndithamangitsa ntchito mwezi wamawa, ndipeza masabata otayikawo, ndipo pofika lipoti lotsatira mawu anga adzakhala asanduka oona okha. Ndinkangobwereka choonadi cha mwezi wamawa. Ndikukhulupirira kuti malipoti ambiri onama a padziko pano amayamba chonchi, ndi munthu wa mtima wabwino amene akubwereka. Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 kuti munthu amachepetsa nthawi imene ntchito yake idzatenge ngakhale atachedwapo kambirimbiri pa ntchito zofanana nayo. Nyumba yotchuka ya zoimbaimba ya ku Sydney anaiyamba mu 1959 akuti itha mu 1963; inatsegulidwa mu 1973, ndipo mtengo wake unachoka pa madola a ku Australia 7 miliyoni kufika pa 102 miliyoni. Nditamva zimenezi ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinauza mayi a kunyumba. Anandifunsa ngati amayi ake a mmisiri wa ku Sydney ankagonanso ndi beseni pamutu pa bedi.

Pofuna kuti lipoti likhale ndi umboni, ndinapita ku Furancungo kukagula simenti yambiri nthawi imodzi, ya maziko, ya pulasitala ndi yapansi yomwe. Lisiti inali yaitali mosangalatsa, ndipo pa chithunzi inaoneka bwino zedi. Matumba a makilogalamu 50 amenewo tinawasanja pansi m'khitchini ya amayi, popanda thabwa pansi pake. Simenti sidikira munthu. Imakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo ikakhala miyezi ingapo imayamba mibulu, mphamvu n'kumachepa. Yathu inadutsa dzinja lonse pa dothi lonyowa. Pofika Epulo matumba a pansi anali miyala yooneka bwino, ya ngodya zinayi. Lero ndi masitepe okwerera pakhonde, ndipo alendo amawayamikira.

Makoma anakwera mu Okutobala, ndipo anakwera mofulumira moti ine ndemwe ndinakhulupirira malipoti anga. Apa ndi pamene pali msampha umene aliyense womanga nyumba yoyamba amagweramo. Khoma limaoneka. Wodutsa pamsewu amati, "Aa, yatha iyi!" Koma njerwa zoumba wekha ndi dothi la pomwepo ndi mbali yotsika mtengo ya nyumba. Ndalama zenizeni zili kutsogolo: matabwa, malata, misomali, mafelemu, zitseko, magalasi, ndi simenti yosaoneka imene imamira m'pulasitala ndi pansi. Ndinaona makoma afika pa lintala, ndinalemba kuti 70 peresenti.

Nambala imeneyi sindinangoitola. M'malipoti a zitukuko mumakhala manambala awiri osiyana: gawo la ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, ndi gawo la ntchito imene yachitikadi pamalopo. Awiriwa amayenera kuyendera limodzi, ndipo akasiyana, woyang'anira wanzeru amadzuka pampando. Ine ndinawakwatitsa. Achimwene akatumiza ndalama ine n'kuzigwiritsa ntchito, peresenti inkakwera. Simenti youma ija inali m'kati mwa 70 ameneyo, pamodzi ndi njerwa zosapsa ndi ndalama yachikole imene ndinapatsa a mesitiri athu ntchito isanayambe. Iwo atalandira anapita kukayamba nyumba ina kutsidya, nakonso n'kulandira chikole. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa amene anavumbwa si a mesitiri. Anavumbwa ndi makoma athu.

Vuto la peresenti ndi lakuti siibwerera m'mbuyo. Ukanena 70, mwezi wamawa m'bale wako akuyembekezera 75. Ndinafika pa 80 denga kulibe. Pamenepo ndinazindikira kuti manambala otsala ndi ochepa ndipo ulendo udakali wautali, choncho ndinayamba kuwadya monga timadyera ndiwo za alendo zikachepa: mbamu yaikulu, kususa pang'ono. 82. 84. 85. Tsiku lina ndinalemba 88 ndi theka, ndipo achimwene anayamikira kuti ndimawerengera mosamala.

Makoma tinamanga ndi dothi pamwamba pa maziko a simenti, monga amachitira ambiri kuno, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo ngati denga likwera pa nthawi yake. Lathu silinakwere. Mvula ya sabata ya Khirisimasi inalowa pamwamba pa khoma, n'kusungunula dothi la pakati pa njerwa, ndipo usiku wina khoma lakumbuyo linagona pansi lonse. Ndinakhala chete, kufunafuna poyambira. Kenaka pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana analowa m'dziko muno, n'kufika ku Tete ndi madzi oopsa, mpaka kudula mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Anthu anafa, ena anataya zonse. Achimwene anaona pa nkhani ndipo anaimba ali ndi mantha. Ndinawauza kuti tonse tili bwino, koma khoma limodzi latigwera. Sindinanene kuti lagwa liti. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene sindimaseka ndikachikumbukira: ndinatenga tsoka la anthu ena n'kufunditsa khoma langa.

Koma nditalawa kamodzi ndinazolowera. Nkhondo itayamba ku Ukraine mu Febuluwale chaka chomwecho, mafuta anakwera mtengo, zonyamula katundu nazo zinakwera, ndipo zimenezo zinali zoona. Ine ndinangoziwonjezera mchere mpaka zinafotokoza chifukwa chake ngolo ya ng'ombe sinabweretse mchenga. Namondwe Freddy atasakaza ku Zambézia ndi kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, naye ndinamulemba m'ndime yachitatu. Munthu wowerenga malipoti anga akanaganiza kuti maiko onse apangana kulimbana ndi nyumba ya zipinda zitatu ya ku Chidzolomondo.

Luso langa lenileni linali pa zithunzi. Ndinaphunzira kuti nyumba imajambulidwa m'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwako, utagwada pa ngodya imodzi kuti makoma awiri aoneke ndipo kumwamba kudzaze malo a denga. Khoma lakutsogolo lokha ndinalipaka pulasitala ndi laimu, n'kuikapo zenera limodzi lagalasi. Malata a m'chithunzi aja anali a tchalitchi chathu, amene anasonkhedwa kuti adzafolere nyumba yopemphereramo yatsopano. Ndinawabwereka masana amodzi, ndi ulemu wonse, n'kuwabweza dzuwa lisanalowe. A mesitiri akasowa, mwana wa mchemwali wanga ankavala chipewa chawo n'kugwira levulo, ine n'kumujambula chakumbuyo. Mwanayo ankalipidwa mabisiketi, ndipo ndi yekhayo pa ntchito yonseyi amene sanachedwepo.

Achimwene akafuna kuona pa vidiyo, ndinkathawira ku netiweki. Zinalidi zoona kuti pamalo pa nyumbayo foni inkagwira movuta, ndipo aliyense woimba ankakwera pachulu cha kumunda. Pachulupo nyumba imaonekera patali, khoma loyera lili kutsogolo. Ndinkaloza ndi chala monyadira. Kenaka netiweki inayamba kugwira paliponse, ngakhale kuseri kwa khola. Mudzi wonse unakondwa. Ine ndekha ndinadandaula ndi chitukuko chimenecho.

Ndipo nthawi yonseyi ndinali katswiri wonyoza ena. Mukudziwa zikwangwani zimene amaika pamalo a ntchito za boma, zolembedwa mwini ntchito, kontilakitala, ndalama zake ndi nthawi yomalizira. Ndikadutsa pa chikwangwani chimene utoto wake wasuluka chimango chikadali pa zenera, ndinkaima, manja kumbuyo, n'kuyamba kuphunzitsa aliyense amene ali pafupi za kuipa kosatsata ndondomeko. Ndinkatchulanso damu la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, limene lakhala likukambidwa kwa zaka zambirimbiri kuti lidzamangidwa pa Zambezi kumunsi kwa Cahora Bassa. Mu Disembala 2023 ndi pamene boma linasainirana mgwirizano ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Ndinkati ngati damu la dziko lonse likudikira chonchi, nyumba ya amayi ikuthamanga. Mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti Cahora Bassa yeniyeniyo anaiyamba mu 1969 n'kutseka madzi mu 1974, nkhondo ili m'kati. Sindikudziwa kuti amazitenga kuti zinthu zoterezi. Ndikuganiza kuti amamvera wailesi n'cholinga chodzanditsutsa.

Amene anandigwetsa ndi amayi, ndipo sanachite dala. Amayi sawerenga, malipoti anga sanawaonepo. Ankangoona nyumba ili pomwepo, mbuzi zikubisalamo dzuwa, ndipo ankati ana anga akudziwa chimene akuchita. Mitambo itayamba kusonkhana chakumapeto kwa 2023, anaitana mdzukulu wawo n'kumuuza kuti awajambule mawu pa foni. Anapereka moni kwa mwana wawo wa ku Joni, anafunsa za apongozi awo ndi ana, kenaka anapempha kandalama kogulira pepala la pulasitiki loyala pansi pa udzu, poti la chaka chatha lang'ambika ndipo mvula yayandikira. Lipoti langa la mwezi umenewo linali pa 93.

Achimwene sanaimbe. Mapepala awo okhalira ku Joni anali osalongosoka, ndipo akanatuluka sakanabwereranso mosavuta. Kunena zoona, chimenechi ndicho chinali maziko enieni a nyumba yanga ya m'foni. Anatumiza alamu. Alamuwo anakwera basi kudzera ku Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, kuwoloka pa Cuchamano, kufika ku Tete, n'kukwera kuno kumapiri osandiuza. Ndinangoona munthu akutsika pa njinga yamoto ndi chikwama, fumbi lili mbuu m'nsidze.

Anapereka moni kwa amayi mogwada, anamwa madzi, anafunsa za matenda ndi maliro onse amene anawaphonya. Kenaka anati, "Alamu, tiyeni mukandionetse." Ndinawatsogolera ku ngodya yanga ija. Anaima, anayang'ana khoma loyera, n'kunena kuti ndi lokongoladi. Atatero anayamba kuyenda. Nyumba ili ndi mbali zinayi, ndipo ine kwa zaka zonsezi ndinkadalira kuti anthu a ku Joni sadziwa zimenezo. Kuseri anapeza khoma lomangidwanso mpaka m'chiuno, mphonda itayanga pa zenera, ndi nkhuku itaikira mazira m'chipinda chimene pa pulani chinalembedwa kuti cha amayi.

"Alamu," anatero mofatsa, "kuseri kuno ndiye kuli maperesenti angati?"

Nkhani inapita kwa atsibweni, eni mbumba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, foni ili pakati pa mphasa kuti achimwene azimva. Ndinatulutsa kope ndi malisiti onse, poti ine kusunga mapepala ndiye ndimatha. Alamu anawerengetsa ndi foni yawo kuyambira pa tsamba loyamba. Ndalama zonse zinapezeka, mpaka metikali yomaliza: iyi inapita ku simenti youma, iyi ku chikole, iyi ku njerwa zoumbanso, iyi ku laimu wa khoma la zithunzi. Ndinkayembekeza kuti pamenepa andiyamikira. Atsibweni anakhala chete nthawi yaitali, akufwenkha fodya wawo.

"Ukanakhala wakuba, tikanakulipiritsa mbuzi nkhani n'kutha," anatero. "Nanga chitsiru timachilipiritsa chiyani?"

Pa foni panamveka phokoso limene ndinaliyesa kulira. Achimwene ankaseka. Atatha kuseka ananena mawu amene anandilasa kuposa a atsibweni: akanadziwa chaka choyamba chija kuti uvuni wachedwa, akanasunga ndalama za simenti n'kugula malata, ndipo khoma silikanagwa. Iwo kumeneko ankagwira maovataimu pofuna kuthamangira 100 amene ine ndinkamukankhira kutsogolo mwezi ndi mwezi. Lipoti lija ine ndinkaliyesa chotonthozera mtima wa munthu ali kutali, pamene iwo ankaligwiritsa ntchito posankha chochita ndi thukuta lawo.

Ndondomeko yatsopano anaikonza alamu, mayi a kunyumba ndi a mesitiri, pakhonde, popanda rula. Sanayambire pa tsiku loyamba ngati ine. Anayambira pa mvula n'kumabwerera m'mbuyo. Denga likhale litakwera pakati pa Okutobala pasanafike. Kuti zitero, matabwa akhale pamalo ndi ouma mu Seputembala. Kuti matabwa akhale ndi pokhala, bimu ya pamwamba pa makoma ithiridwe mu Ogasiti, ipatsidwe madzi masiku 7 oyamba, poti konkire imafika pa mphamvu yake pa masiku 28 ndipo ikauma msanga imang'aluka. Kuti bimu ithiridwe, makoma athe mu Julayi. Mchenga ututidwe mitsinje ikangophwera, ngolo zisanayambe kulimbiranidwa. Zosawonongeka, monga malata, misomali, waya ndi mafelemu, zigulidwe ndalama ikangopezeka. Simenti igulidwe sabata yomwe ikugwira ntchito. Pa malata alamu anakana a geji 32 amene ine ndinkawakonda chifukwa chotchipa, n'kundiphunzitsa pamaso pa anthu kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala; anasankha a 28. A mesitiri anagwirizana nawo mu Febuluwale, mwezi wa njala, pamene palibe amene amawafuna, ndipo malipiro anawaduladula: khoma likafika pa lintala, bimu ikathiridwa, denga likakwera. A mesitiri anang'ung'udza kuti ku Joni kumaumitsa anthu mitima, koma anabwera tsiku limene ananena.

Ndinamvetsera zonsezi ndili pa thumba langa la mwala, ndipo ndinazindikira mizere yofiira ya m'kontena ija, yonse, mwa dongosolo lake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za DuPont. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, ndinatseka.

Lipoti nalo linasintha mwini. Tsopano amatumiza ndi mwana wanga wamkazi, Loweruka lililonse. Amayatsa vidiyo pa khomo lakutsogolo n'kuzungulira nyumba yonse osadula, kulowa chipinda chilichonse, kuloza kumwamba ndi pansi. Pomaliza amanena zimene zachitika sabata imeneyo, zimene zinalonjezedwa koma sizinachitike, ndi chimene chikutchinga. Peresenti analetsa. Sabata ina vidiyo yonse inali ya mawu akuti sikunagwiridwe ntchito chifukwa kunali maliro, ndipo kumwamba sikunagwe. Achimwene anangotumiza chipepeso. Ine anandipatsa udindo wothirira konkire m'mawa ndi madzulo, ndi kugwira kumapeto kwa tepi a mesitiri akamayeza, mbali imene kulibe manambala.

Chilala cha 2024 chinatiumitsa zitsime msanga, madzi tinkatunga kutali ndi ngolo, koma denga linakwera mvula isanagwe. Zipinda ziwiri zapakidwa pulasitala, zitseko zilipo. Amayi analowamo, anayendera zipinda zonse, anayamika Mulungu ndi ana awo, kenaka analamula kuti chimanga ndi mtedza zisamutsidwire m'chipinda chachikulu poti mulibe makoswe. Iwo akugonabe m'kanyumba kawo kakale. Akuti m'nyumba ya malata mumazizira mu Juni, mvula ikamagwa simumvana, ndipo sangasamuke khitchini isanamangidwe pafupi. Khitchiniyo sinali pa pepala langa, sinalinso pa ndondomeko ya alamu, ndipo ndikuvomera kuti mfundo yachiwiriyi inandisangalatsa kuposa mmene inayenera.

Mwezi wathawu komiti ya zomanga ya kutchalitchi kwathu inakhala pansi kufuna mlembi woti azilemba mmene ntchito ya nyumba yopemphereramo ikuyendera, kuti azitumizira akhristu athu amene ali ku Tete, ku Beira ndi ku Joni. Mkulu wina anati pamudzi pano palibe wolemba bwino kuposa a Enjenyero, ndipo malata a tchalitchi amawadziwa kale ndi manja awo. Anthu anaseka, anaomba m'manja, ine ndinavomera. Msungichuma amene azisainira pansi pa lipoti lililonse ndi mayi a kunyumba kwanga.